Phunzilo: Mota Yamagetsi pa Bwato la Thanga

Alimi okhala m'mbali mwa nyanja za Bangweulu, Mweru ndi Tanganyika amadalila bwato potengela cinangwa, mpunga ndi nsomba kumsika. Thanga silidya ndalama, koma mphepo ikaleka ulendo umaima, ndipo nsomba zimayamba kuonongeka. Injini ya petulo nayo ndi yodula kuigula ndiponso kuimwetsa. Pakati pa ziwilizi pali mota yaing'ono yamagetsi ya 12V, imene imamangililidwa kumbuyo kwa bwato. Mfundo ya phunzilo lino ndi yakuti mota imeneyi ndi mthandizi wa thanga, osati yolilowa m'malo.

Welengelani mphamvu musanagule

Mota yolembedwa 55 lb imakoka ma ampu pafupifupi 50 ikatsegulidwa mpaka pothela. Batili ya asidi ya 100Ah siyenela kutsitsidwa kupitilila theka, apo ayi imafa msanga. Motelo muli ndi 50Ah cabe, kutanthauza ola limodzi la liwilo lonse. Koma madzi amakaniza bwato kwambili likamathamanga, ndipo kuonjezela liwilo pang'ono kumadya magetsi oculuka. Mukayenda mofatsa, mota n'kumakoka ma ampu 15, batili yomweyo idzakutumikilani maola atatu.

Kudzaza batili

Sola ya 100W imapeleka ma ampu 5 kapena 6 dzuwa likaswa mtengo. Pa tsiku lowala bwino imabwezela pafupifupi 25Ah mpaka 30Ah. Conco kubwezela 50Ah kumafuna masiku awili, kapena masola awili pa tsiku limodzi. Pakati pa sola ndi batili ikani kontolola, kuti batili isadzaze mopitilila muyezo.

Zofunika kusamala

1. Gulani batili ya sola, yopangidwila kutsika ndi kudzazidwa kawilikawili. Ya galimoto siikhalitsa pa nchito yotele.
2. Waya akhale wonenepa ndi wamfupi, cifukwa woonda amatentha ndi kutaya mphamvu.
3. Ikani fyuzi ya ma ampu 60 pafupi ndi batili.
4. Batili ikhale m'bokosi louma, lolowa mpweya, lomangidwa pansi pakati pa bwato.
5. Udzu kapena ukonde ukakola pulopela, zimitsani mota musanaikepo dzanja.
6. Musasiye nkhafi kumtunda, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa.

Woyendetsa wanzelu amatambasula thanga pamene pali mphepo. Mota amaisungila potuluka ndi polowa padoko, podutsa m'mabango, ndiponso pamene nyanja yacita bata katundu ali m'bwato. Wotha batili yonse popita adzapalasa ndi manja pobwela.

Mafunso okambilana m'magulu

1. N'cifukwa ciani batili ya 100Ah imatipatsa 50Ah cabe?
2. Mota ikamakoka ma ampu 25, kodi tingayende maola angati?
3. Yelekezelani mtengo wa mota, batili ndi sola ndi ndalama za petulo wa caka cathunthu kwanuko.