Uthenga wa Malonda Upite kwa Oyenera

Alimi a mpunga a ku Lifuwu ndi m'mbali monse mwa nyanja m'boma la Salima, magulu ena mwa inu tsopano ali ndi tsamba la malonda pa Facebook. Dziŵani kuti anthu otsatira tsambalo sali ofanana. Mwini golosale ku Lilongwe afuna matumba a makilogalamu 50, pamene mayi wa ku Senga Bay afuna makilogalamu 5 okha. Mukamatumizira onse uthenga umodzimodzi tsiku ndi tsiku, adzatopa nanu nakagula kwina, mpunga wanu uli m'nyumba.

Chitani izi:

1. Lembani m'buku aliyense wofunsa: kumene akhala, mtundu umene afuna, Kilombero kapena Faya, ndi kuchuluka kwake.

2. Agaŵeni paŵiri, opikula ndi ogula pang'ono. Gulu lililonse lilandire uthenga wakewake.

3. Tchulani mtengo, kulemera kwa thumba, malo ndi tsiku lokatengera.

4. Pa WhatsApp, uthenga wotumizidwa kwa ambiri nthaŵi imodzi umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Apempheni aisunge.

Opikula auzeni musanayambe kukolola, kuti akonzeretu ndalama ndi galimoto. Wofunsa muyankheni tsiku lomwelo.