Khobidi Loboola

Tsiku lina mnyamata wina alikulima m'munda wa sukulu, ndipo khasu lake linafukula kachitsulo kozungulira, koboola pakati. Iye anafuna kukataya, pakuti anati, "Sikangagule ngakhale mchere." Koma mphunzitsi wake anamuletsa, nati, "Katsuke ndi madzi, tione chimene katiuze."

Atakatsuka anaona njovu ziwiri, chaka cha 1957, ndi mau akuti Rhodesia and Nyasaland. Linali khobidi la masiku a Chitaganya, pamene Azungu anaphatikiza dziko lathu ndi maiko awiri a Rhodesia, kuyambira 1953 kufikira 1963. Anthu ambiri a dziko lino anakana Chitaganyacho, ndipo ena anamangidwa, ena anafa, m'chaka cha 1959.

Ana inu, kuli anthu amene akonda kusonkhanitsa ndalama zakale, osati kuti agulire zinthu, koma kuti aziwerenge monga buku. Akaziika m'mzere monga mwa zaka zake, aona m'mene dziko linasinthira.

Makolo athu akale analibe ndalama zotere. Ankasinthana mchere, makasu, nsalu ndi mikanda. Pambuyo pake kunadza makobidi ndi mashiling'i a Angerezi, ndipo pa ndalama zambiri panali mutu wa mfumu ya ku England. Dziko litalandira ufulu mu 1964, panatuluka ndalama za Malawi zokhala ndi nkhope ya Dr Banda. Kuseri kwa shiling'i kunali chimanga, chakudya chathu. Tsono mu 1971 mapaundi analekeka, nidza kwacha ndi tambala. Maina awa si achabe ai: tambala alira kukamacha, ndipo "Kwacha!" ndiwo mau amene anthu ankafuula pomenyera ufulu.

Inunso mukhoza kuyamba ntchito imeneyi, pakuti sifuna chuma. Funsani agogo anu ngati asunga ndalama zakale m'chitini kapena m'kathumba, koma musatenge popanda kupempha. Musazikweche ndi mchenga kapena phulusa, mungafafanize chaka ndi zilembo. Kulungani iliyonse m'kapepala kake, ndi kulembapo chaka chake ndi kumene munaipeza.

Koposa zonse, khalani pansi ndi kufunsa mwaulemu kuti, "Agogo, khobidi ili munkagulira chiyani? Munagwira ntchito yanji kuti mulipeze?" Kapena adzakusimbirani za msonkho, kapena za ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Mulembe zimenezonso. Chitsulo chikhala zaka zambiri m'nthaka osatha, koma nkhalamba ikamwalira ipita ndi nkhani zake, ndipo palibe khasu limene lidzazifukula. Chifukwa chake funsani lero, agogo akali moyo.