Mafunso ndi Mayankho: Kusanthula Ziwerengero pa Kompyuta kwa Ophunzira za Kayendetsedwe ka Bizinesi

Chaka ndi chaka, nthawi yolemba kafukufuku wa chaka chomaliza ikayandikira, zitseko za maofesi athu sizipuma kugogodedwa, ndipo ngakhale nkhope zobwera zimasiyana, nkhawa imene zimasenza imakhala imodzi, ndiyo mantha a masamu. Ife aphunzitsi anu tatolera mafunso amene timawamva kawirikawiri ndi kuwayankha pano, kuti nayenso wamanyazi, amene amafika pakhomo n'kubwerera, apeze yankho lake, pakuti safunsa anadya phula.

Kodi kusanthula ziwerengero n'kutani?

Ndi kusonkhanitsa manambala a malonda, a antchito kapena mayankho a makasitomala, kuwakonza bwino, ndi kufufuzamo yankho limene woyendetsa bizinesi amalifuna asanamange mfundo.

Tidzagwiritsa ntchito pulogalamu iti?

Zodziwika ndi Excel, SPSS, Stata ndi R. SPSS inatuluka mu 1968 ndipo kuyambira 2009 ili m'manja mwa kampani ya IBM; R anaiyambitsa Ross Ihaka ndi Robert Gentleman pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand. Wodziwa imodzi savutika kuphunzira inzake.

Ine ndinasankha za bizinesi pothawa masamu. Kodi nditha bwanji?

Funso ili ndilo tate wa mafunso onse. Masamu amene anakusautsani ku sekondale, a kuwerengera mizere italiitali ndi cholembera m'manja uku wotchi ikuthamanga, ndiwo katundu amene kompyuta yadza kudzakutulani. Chimene chatsala pamutu panu ndi kuganiza, ndipo munthu amene amadziwa kale kuti phindu la golosale silidziwika poyang'ana malonda a Loweruka limodzi, kapena kuti thumba la chimanga siliweruzidwa ndi njere zapamwamba zokha, wayamba kale kuganiza monga mwa phunziroli. Njira zambiri zimene mudzaphunzire zinabadwira pa ntchito. William Gosset, amene mu 1908 anafalitsa maziko a njira yotchedwa t-test pansi pa dzina lobisalira la Student, anali wantchito wa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin. Masamu ankawadziwa ndithu, koma chomusowetsa tulo chinali chimene chimasautsa manijala aliyense, ndicho kuweruza katundu wambiri atangoyeza pang'ono pokha. Zofunika kwa inu ndi kuwonkhetsa, kugawa, maperesenti ndi kudekha. Sitikulonjeza kuti masabata oyamba adzakhala okoma, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ngati kompyuta ndiyo iwerengera, ntchito yanga n'chiyani?

Apa ndiye pali choopsa chenicheni, choposa masamu amene mumawaopawo. Kompyuta ndi wantchito womvera koma wosafunsa. Mukalemba 1 m'malo mwa mwamuna ndi 2 m'malo mwa mkazi, n'kuilamula kuti ipeze avareji, idzakupatsani 1.6 mosazengereza, ngakhale kuti pansi pa thambo palibe munthu wotero. Mukalemba 99 pamene woyankha anakana kutchula zaka zake, n'kuiwala kuiuza kuti 99 atanthauza malo opanda yankho, idzaona nkhalamba zodzaza ofesi. Tiyerekeze antchito asanu olandira K100,000 aliyense ndi bwana wolandira K1,000,000: avareji idzati K250,000, ndalama imene palibe ndi mmodzi yemwe amaigwira m'manja, pamene nambala ya pakati, yomwe pa pulogalamu imalembedwa kuti median, ikadali K100,000. Matebulo otuluka m'kompyuta amaoneka osalala ndi aulemu wake, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chotero musanadine chilichonse, yendani ndi maso mzere ndi mzere, mujambule chithunzi cha ziwerengero zanu, ndipo mudzifunse ngati zimene mukuonazo zingachitike pamsika weniweni.

Zidzanditengera ndalama zingati?

Sitingatchule mtengo, popeza mitengo ya malayisensi imasintha, ndipo kawirikawiri imalipiridwa mu ndalama zakunja. SPSS ndi Stata nzolipira, ngakhale kuti nthawi zina pamakhala mtengo wotsikirako wa ophunzira. R, jamovi ndi PSPP nzaulere, ndipo pa kafukufuku wa digiri yoyamba zimakwanira nthawi zambiri, koma mufunse kaye woyang'anira kafukufuku wanu ngati avomereza. Laputopu yamphamvu kwambiri siifunika kwenikweni. Tikuchenjezani za mapulogalamu obedwa amene amayenda pa mafulashi: kuwagwiritsa ntchito n'kuswa lamulo, ndipo ena angabwere ndi mavairasi.

Nambala ya p yanga yaposa 0.05. Kodi kafukufuku wanga wafa?

Iyayi, ndipo tikadakonda kuti yankho ili lifike m'makutu a onse. Nambala ya p imanena kuti, chikhala kuti pakati pa magulu anu panalibe kusiyana kwenikweni, kusiyana konga kumene mwapezako, kapena koposerapo, kukadaoneka kangati mwangozi chabe. Malire a 0.05 ndi chizolowezi chimene chinafala makamaka kuchokera m'buku la Ronald Fisher la 1925. Si lamulo lolembedwa pa mwala. Wophunzira wopeza kuti maphunziro a antchito sanaonetse kusintha pa malonda wapeza kanthu koyenera kulembedwa, ndipo kakhoza kupulumutsa ndalama za kampani. Chimene sitingachilekerere ndi kusintha mayankho a anthu kuti nambala itsike, pakuti umenewo ndi umboni wonama. Dziwaninso kuti zinthu ziwiri kukwerera limodzi sindiye kuti china chabala chinzake.

Ndawerenga zonsezi, koma masamu a MSCE ndinakhoza movutikira. Kodi si bwino kungolipira munthu andichitire?

Tayankha kale, koma tibwereza, chifukwa funsoli limabweranso m'malaya ena. Malikisi a masamu a ku sekondale sanena zonse za mmene mudzachitire pano. Za kulipira munthu, tinene mosapsatira: malamulo a masukulu ambiri amakuyesa kubera, chilango chake chingakhale chachikulu, ndipo tsiku loteteza kafukufuku, pamene wokuyesani adzaloze nambala imodzi pa tebulo n'kufunsa kumene yachokera, wolipidwa uja sadzakhalapo. Kuphunzira awiriawiri kapena atatu nkololedwa, malinga aliyense adina yekha ndi kulemba yekha. Poyeserera, yambani ndi ziwerengero za kwathu konkuno, monga za kalembera wa 2018, pamene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inawerenga anthu oposa 17.5 miliyoni.

Kodi ziwerengero zingasowe m'kompyuta?

Zingasowe. Mu 2020 akuluakulu a zaumoyo ku England anaphonya mayina pafupifupi 16,000 a anthu opezeka ndi Covid-19 chifukwa mtundu wakale wa faelo ya Excel sulandira mizere yoposa 65,536. Kwa inu zoopsa zapafupi ndi kuthima kwa magetsi, kubedwa kwa laputopu ndi fulashi yowonongeka. Sungani faelo yoyamba yosakhudzidwa, gwirani ntchito pa kope lake, tumizani kope lina ku imelo yanu, ndipo mapepala a mayankho, amene ali ndi zinsinsi za anthu, muwatsekere pamalo abwino kufikira zotsatira zanu zitatuluka.