Dera Limene Amisiri Anakana Kugumula

Mu mzinda wa Sydney, m'dziko la Australia, muli dera lakale lotchedwa The Rocks, kutanthauza kuti matanthwe. Eni nthaka, a mtundu wa Gadigal, ankakhala kumeneko kuyambira kalekale.

M'chaka cha 1788 zombo za ku Britain zinakocheza pafupi ndi malowa zitanyamula akaidi. Iwo anamanga timisasa pamatanthwepo, ndipo m'kupita kwa nthawi panadzaza nyumba zothithikana za amphawi ndi amalinyero. Mu 1900 kunabuka mliri wobwera ndi makoswe, choncho boma linagwetsa nyumba zambiri. Zinanso zinagwetsedwa pomanga mlatho waukulu umene unatsegulidwa mu 1932.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma linafuna kugumula zotsalazo kuti pamangidwe nyumba zosanja. Okhala m'deralo anakadandaula ku bungwe la amisiri omanga, lotsogozedwa ndi Jack Mundey. Amisiriwo anakana ntchitoyo, ngakhale kuti kutero kunali kudzimana malipiro. Mu 1973 ena a iwo anagwidwa ndi apolisi, koma sanagonje. Nyumba zambiri zakalezo zilipobe, ndipo alendo amadzaziona.

Mafunso
1. Kodi eni nthaka ya The Rocks anali ayani?
2. Nanga amisiri anataya chiyani pokana ntchito?