Penti Yongoganizira Idatidyera Masabata Atatu

Malume anga amasema ziboliboli kwathu ku Chinguluwe, n'kumakagulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay. Njovu, ngwazi za gule, mabwato, zonsezi amazidziwa ngati chikhatho chawo. Koma tsiku lina mlendo wochokera ku Zimbabwe adawapatsa ntchito yachilendo: amusemere ndege yankhondo ya Spitfire, ifanane ndendende ndi imene ankauluka nayo Johnny Plagis mu 1944.

Plagis adabadwira ku Gadzema, m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, mu 1919, makolo ake ochokera ku Greece. Adatchuka pomenya nkhondo mlengalenga pa chilumba cha Malta mu 1942, ndipo pa nkhondo yonse yachiwiri ya padziko lonse adagwetsa ndege za adani 16. Mu 1944 ankatsogolera gulu la ndege za ku Britain la 126 Squadron, ndege yake ili ndi zilembo 5J-K komanso dzina loti Kay, la mlongo wake.

Mlendoyo adasiya theka la ndalama ndi chithunzi chimodzi, chakuda ndi choyera, chomwe adatumiza pa foni yanga. Malume adasankha mlombwa wouma bwino. Masabata awiri adali pansi pa mtengo wa mango ndi kasemasema ndi mpeni, akupala mapiko mpaka adapyapyala ngati tsamba la mpeni womwewo, mapeto ake ozungulira monga a Spitfire yeniyeni. Ana ochokera kusukulu ankaima kuonerera mpaka dzuwa kupendeka.

Itafika nthawi ya penti, malume adaima.

"Mphwanga, chithunzichi sichikunena mtundu. Tamuimbira mwini wake, timufunse."

"Malume, musavutike," ndidatero ine. "Ndege zankhondo zonse zimakhala zobiriwira ndi zofiirira ngati dothi. Ndidaziona mufilimu."

Ndidaumira mayunitsi a foni, ndipo ndidafuna kuoneka wodziwa. Tidapaka wobiriwira ndi wadothi. Mzere wozungulira chizindikiro cha pathupi la ndege unkaoneka woderako pachithunzi, choncho tidaupaka wakuda. Mizere ina imene inkaoneka pang'ono kunsi kwa mapiko ndidati ndi mthunzi chabe, tiisiye.

Mlendo atabwera adaitenga ndegeyo ndi manja awiri, n'kuitembenuza mwakachetechete. Adayamikira kasemedwe, kenako adatifotokozera modekha pomwe tidaphonya. Wobiriwira ndi wadothi udali wa 1940. Kuyambira mu Ogasiti 1941 ndege za ku Britain zolimbana ndi zinzake zidasiya wadothi n'kutenga wotuwa, popeza tsopano zinkauluka kwambiri pamwamba pa nyanja. Mzere tidaudetsawo udali wachikasu, kungoti filimu ina yojambulira zithunzi ya nthawi imeneyo inkaonetsa chikasu ngati chakuda. Ndipo "mthunzi" wangawo idali mizere isanu, itatu yoyera, iwiri yakuda, imene idapakidwa pa ndege mu Juni 1944 polowa ku Normandy, ku France, kuti asilikali asawombere ndege zawo zomwe. Mizereyo idayamba kufufutidwa pamwamba pa mapiko patangopita milungu yochepa, n'kutsala kunsi kokha. Ndiye kuti ngakhale mwezi umene chithunzi chidajambulidwa umasintha penti yoyenera.

"Iyi ndi ndege yokongola," adatero, "koma si ya Plagis."

Malume sadanditukwane. Adangotenga sandipepa n'kuyamba kupala. Penti idali italowa m'mitsempha ya mtengo, ndipo pofika tsiku lachitatu phiko limodzi, lopyapyala kale lija, lidathetheka. Ndalama ija adabweza. Chaka chimenecho feteleza tidagula wochepa.

Chimene ndidamvetsa mochedwa n'chakuti penti ya pa ndege yankhondo siidali yokongoletsa. Mtundu uliwonse udali ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chidali moyo wa munthu. Ku Burma, kumene agogo athu a King's African Rifles adakamenya nkhondo, ndege za Britain zidachotsa kadontho kofiira pakati pa chizindikiro chawo, chifukwa kankafanana ndi dzuwa lofiira la pa ndege za Japan. Wopaka kadontho kameneko pa ndege ya ku Burma ya 1944 wanamizira anthu amene adaona ndi maso.

Tsono iwe amene wapatsidwa ntchito yobwezeretsa chinthu chakale, kaya ndi ndege, chithunzi cha agogo ovala yunifolomu, kapena chikwangwani cha tchalitchi, yamba wadziwa chaka ndi malo. Funa zithunzi zingapo, osati chimodzi. Funsa mwini ntchito ngakhale ukuopa kuoneka mbuli. Pamene umboni wathera, nena poyera kuti apa sindikudziwa, burashi isanalowe m'chitini. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma kwathu phulalo adadya ndi malume, amene adafuna kufunsa ine n'kuwaletsa.

Ndege ya phiko limodzi ija ikadali pa shelefu m'nyumba mwawo. Ndikalowa, maso anga amayamba agwera pomwepo.