Kusunga chimwemwe cha Khrisimasi m'mwezi wa Januwale

Mpunga watha, nkhuku zinadyedwa, alendo abwerera m'tauni. Chatsala ndi fizi ya ana, feteleza wobereketsa yemwe sanagulidwe, ndi ufa womwe wayamba kuchepa m'thumba. Pa mabanja ambiri achikhristu chimwemwe chimathera pomwepa, chifukwa chinamangidwa pa kudya ndi kulandira.

Komatu Paulo analemba kalata yake kwa Afilipi ali m'ndende, ndipo m'machaputala ake anayi nkhani ya kukondwera imangobwerezabwereza. Pa 2 Akorinto 8 akusimba za mipingo ya ku Makedoniya, anthu osaukitsitsa, omwe anachita kupempha kuti nawonso asonkheko thandizo la abale. Sanadikire kuti zinthu ziyambe zawayendera. Inunso musadikire kukolola.

Khalani pansi madzulo, ana ali pomwepo, musankhe munthu mmodzi. Mmodzi yekha, osati mudzi wonse, chifukwa ofuna kuthandiza aliyense amatopa sabata isanathe. Akhale munthu amene sangakubwezereni: agogo okhala okha, mayi wamasiye, kapena wodwala amene wagona nthawi yaitali.

Musanapite ndi kanthu, pitani kaye mukaone. Mwina mukapeza kuti vuto lalikulu si chakudya. Mvula ino denga likudontha pamphasa, nkhuni zonse n'zonyowa, munda wadzala udzu pamene anzawo anayamba kale kubandira. Apa ndalama sizikufunika. Loweruka m'mawa bambo ndi anyamata atenge makasu akapalire, atsikana atunge madzi, wina afolere pomwe pakudontha. Onaninso ngati neti ya udzudzu ilipo ndipo ndi yosang'ambika, pakuti ino ndiyo nyengo ya malungo. Mukamaliza musathamangire kunyumba. Khalani pakhonde mucheze, chifukwa okalamba ambiri chimawapweteka kwambiri n'kusowa wolankhula naye.

Za ufa n'zosavuta. Nthawi iliyonse mukamaphika nsima, tapani dzanja limodzi muike m'kachitini. Pamphika simudzaona kusintha, koma pakutha pa sabata mudzakhala ndi choti n'kunyamula. Ana ndiwo azitapa, kuti adziwe kuti nawonso akupereka. Amene muli m'tauni, pitani ndi ufawo kwa odikirira odwala pachipatala, muonjezereko mchere, sopo ndi kamtolo ka nkhuni. Koma musakatenge katapila kuti muoneke opatsa.

Foni ikhale m'thumba. Kujambula wosauka atanyamula zomwe mwamupatsa n'kuika pa Facebook n'kumuchotsa ulemu, ndipo Mateyu 6 amaletsa kupatsa kodzionetsera.

Za m'nyumba mwanu momwe musaziiwale. Amayi anaphikira alendo masiku onse aja osapuma. Abambo, athandizeni osadikira kupemphedwa. Ngati panali mawu owawa pa chikondwerero, makamaka obwera ndi mowa, pepesanani tsopano asanazike mizu.

Nokha mukhoza kufooka, ndiye gwiranani manja ndi anzanu a kumphakati, a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika, amene dzina lawo linachokera kwa mayi wa ku Yopa uja wosokera amasiye zovala pa Machitidwe 9. Iyi si ntchito ya amayi okha ayi.

Pitirizani sabata ndi sabata mpaka chimanga chachiwisi chitayamba kudyedwa. Lamulungu likubwerali, mukatuluka m'tchalitchi, funsani akulu a mpingo kuti ndani wasiya kubwera chifukwa cha matenda kapena ukalamba, ndipo muyambire pa iyeyo.