Za Kuweruza Mlandu wa Munthu Womveka

Abale, mwezi uno tiphunzire za msonkhano wa anthu anzeru a ku America, dzina lace National Academy of Sciences, umene unayamba m'caka ca 1863. Munthu akasankhidwa kulowamo anakhalamo kufikira imfa, ndipo panalibe lamulo lakumcotsa, angakhale anasautsa akazi ophunzira kwa iye ndi mau onyansa kapena kuwagwiragwira. Wosautsidwayo akadapita kwa yani? Wamkuruyo ndiye anali ndi mphamvu pa maphunziro ace ndi pa nchito yace. Cifukwa cace ambiri anakhala cete.

M'caka ca 2019 a msonkhano anasintha lamulo, ndipo m'caka ca 2021 anacotsa amuna awiri omveka, amene masukulu ao anawapeza olakwa kale. Zoonadi, mlandu suola.

Tiphunzirepo zitatu. Coyamba, wodandaula adziwe kwa yemwe akanene, ndipo asalangidwe cifukwa ca kunenako. Caciwiri, bwenzi la wonenezedwa lisaweruze mlandu. Cacitatu, onse awiri amvedwe, ndi mboni zao, mlandu usanagamulidwe.

Tidzifunse tsono: kodi m'misonkhano mwathu wamng'ono angathe kunenera wamkuru wopanda mantha?